Baji ya pa kolala ndi chitseko cha ku yunivesite

Sabata ino mpata wagwera ine, ndiye mundipirire, chifukwa izi ndazilemba pa foni, pa benchi langa mu msika wa ku Area 36, nthawi ya masana ija makasitomala amasowa ngati mvula ya mu Ogasiti.

Nkhani yanga yayambira pa kalata. Mwana wanga wachisamba ali Fomu 3 pa sukulu ina yapulaiveti muno mu Lilongwe, dzina lake sinditchula. Lolemba lapitali anabwera akumwetulira, kalata ili m'manja, yonena kuti wasankhidwa kulowa gulu la ana okhoza bwino, lomwe pa kalatapo alitcha honour society. Kulowa kwake ndi K30,000, ya baji, tayi, satifiketi ndi kaphwando kolandirira mamembala atsopano. Ndisanayankhe n'komwe, iye anali atayamba kale: "Amayi, musakane. Aphunzitsi akuti zimenezi amaziona posankha anthu opita ku yunivesite."

Inu amene mumagulitsa tomato ngati ine mukudziwa kuti K30,000 siitoledwa pansi. Ndi kudzuka mbandakucha kukapikula ku Wakawaka kwa masiku angapo, kulimbana ndi a kabaza, kutaya wowola, kenako n'kuwerenga zotsala. Ndiye ndisanamasule pa mpango ndinafuna ndidziwe: kodi chiyambire maphunziro apamwamba m'dziko muno, linakhalapo tsiku lomwe baji, kalabu kapena upulifekiti zinatsegulira munthu chitseko cha ku yunivesite? Zomwe ndikudziwa ndi zomwe ndafufuza ndi izi.

Tiyambe ndi kukula kwa chitsekocho, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Sekondale yeniyeni inachedwa kufika kuno. Blantyre Secondary School inatsegulidwa mu 1940, Zomba Catholic, ija akuluakulu amangoiti Box 2, mu 1942, ndipo Dedza, Box 48, mu 1951. Tangoganizani, dziko lonse la Nyasaland, sekondale zowerengeka pa zala za dzanja limodzi. Yunivesite kunalibe. Wofuna digiri ankayenera kutuluka: ena ku Fort Hare ku South Africa, ena ku Makerere ku Uganda, ena ku Salisbury. Legson Kayira, mnyamata wa kumpoto yemwe anaphunzira ku Livingstonia, ananyamuka wapansi mu 1958 akuti akupita ku America kukaphunzira. Anayenda mpaka kukafika ku Khartoum, kenako n'kukalowadi koleji ya Skagit Valley m'chigawo cha Washington. Ulendo umenewo ukuuzeni kuti malo ophunzirira anali osowa motani.

University of Malawi inakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1964, n'kutsegulidwa mu 1965 ku Chichiri mu Blantyre, ndi ophunzira pafupifupi 90. Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. Kunali Polytechnic, kunali Bunda yathu ino yomwe msewu wake umapatukira pafupi ndi kwathu kuno, kenako Kamuzu College of Nursing mu 1979 ndi College of Medicine mu 1991. Kwa zaka zoposa 30 yunivesite ya boma inali imodzi yokhayo, mpaka Mzuzu University inayamba kuphunzitsa mu 1999.

Pakhomo popapatiza chonchi, osankha amafuna muyeso umene sachita nawo manyazi akafunsidwa. Muyeso umenewo unali mayeso, ndipo ndi mayeso mpaka lero. Nonse amene munalemba MSCE mukuudziwa: 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 wangodutsa, 9 wagwa. Amaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, ndipo wochepetsa mapointi ndiye dolo. Wa mapointi 6 amatchulidwa pa wailesi. Kuti uganiziridwe ku yunivesite ya boma uyenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili pomwepo. MANEB, yomwe inakhazikitsidwa mu 1987, sidziwa ngati unali hedigelo kapena unali wothawa kalasi. Imangodziwa nambala yako ya mayeso basi.

Koma musaganize kuti Amalawi sitinakhalepo ndi gulu la ana osankhika. Linalipo, lalikulu kuposa honour society iliyonse, lokhala ndi mpanda, nyanja yokumba ndi laibulale yake. Ndikunena Kamuzu Academy, yomwe Dr Hastings Kamuzu Banda anaitsegula mu 1981 ku Mtunthama ku Kasungu. Ankatenga ana ochepa okhoza kwambiri m'boma lililonse, mwana wa mlimi ndi mwana wa kalaliki chimodzimodzi, n'kuwaphunzitsa ulele. Chilatini ndi Chigiriki zinali zokakamiza, aphunzitsi anali azungu, ndipo manyuzi a kunja ankaitcha Eton ya mu Africa. Kumeneko kulowa kunkathandizadi, ambiri anapita ku mayunivesite a kunja. Koma taonani bwino chomwe chinkathandiza: sichinali chipewa kapena bleza. Anali maphunziro enieniwo, aphunzitsi okwanira, mabuku, malabu, chakudya cha katatu, ndi mayeso a ku Britain amene mayunivesite a kunja ankawadziwa. Ndipo khomo lolowera linali mayeso omwewo. A Kamuzu atachoka m'boma mu 1994 ndalama zinavuta, sukuluyo n'kusanduka yolipira, moti lero ambiri olowako ndi amene makolo awo ali ndi thumba lolemera.

M'masekondale ena onse a nthawi ya chipani chimodzi munalinso za khalidwe, ndipo zinali zoopsa kuposa baji. Mayi anga amasimba za ngodya zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Amasimba za Apayoniya, gulu lomwe linayamba mu 1963, amene ena mwa iwo ankaphunzitsa m'masukulu, ndi za Youth Week, sabata yomwe ana asukulu ankakonza misewu ndi kumanga timilatho. Amasimba za kadi ya chipani, yomwe popanda iyo sumalowa mu msika kapena kukwera basi. (Ndikamalipira chiphaso cha tsiku ndi tsiku kwa a khonsolo n'kumadandaula, amayi amangoseka, amati iwe sunaone.) Chimene ndaona pa nkhani zimenezi n'chakuti khalidwe nthawi imeneyo linali chida chochotsera munthu, osati cholowetsera. Kuimba bwino pa Youth Week sikunkakuchotsera pointi ngakhale imodzi, koma kunenezedwa kuti ndiwe woukira kunkakuchotsa pa sukulu, mwina n'kukufikitsa ku Mikuyu. Ngakhale mphunzitsi wa ku Chancellor College, mlakatuli Jack Mapanje, anamangidwa mu 1987 n'kukhala m'ndende mpaka 1991 osazengedwa mlandu.

Chaka chomwecho cha 1987 n'chimene chinabweretsa chinthu chachiwiri chimene chitseko chathu chakhala chikufunsa kupatula mapointi. Funso lake silinali lakuti unali mu kalabu yanji. Linali lakuti kwanu n'kuti.

Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi bala lomwe silinapole. Mamishoni a Livingstonia anafika kumpoto kale, m'zaka za m'ma 1800, n'kudzaza sukulu m'midzi. Zotsatira zake, ana a kumpoto ankakhoza mayeso mochuluka kuposa mmene chiwerengero cha anthu a chigawocho chinalili. Boma linati izi sizili bwino, n'kukhazikitsa kota: boma lililonse lipatsidwe malo ake ku yunivesite, ena otsala agawidwe potengera kuchuluka kwa anthu. Patangopita zaka ziwiri, mu 1989, aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo, powaneneza kuti ankaphunzitsa mwachinyengo ana a zigawo zina. Mu 1993 ophunzira anayi anakasuma yunivesite ku khoti lalikulu, khoti n'kugamula kuti kota ndi yosaloledwa. Anthu anati yatha. Koma mu 2009 boma la Bingu wa Mutharika linaibwezeretsa ndi dzina latsopano, lonena za kugawana malo mwachilungamo, boma lililonse likhale ndi malo khumi otsimikizika. Inayenda choncho mpaka mu Febuluwale 2020, pomwe nduna ya zamaphunziro ya nthawiyo, a William Susuwele-Banda, analengeza kuti yathetsedwa.

Ife a m'mataunishipi nkhani imeneyi tinkaimva mwa mtundu wina. Pa mzere wathu wa tomato pali mayi wa ku Rumphi, wina wa ku Mulanje, wina wa ku Ntchisi, ine wa ku Dedza. Ana athu anabadwira ku Bwaila, amamwa madzi a pa kiyosiki imodzi, amaphunzira kalasi imodzi yopanda madesiki, ena kumudzi kwa agogo awo sanapondeko n'komwe. Koma kota inkawasiyanitsa potengera boma lomwe makolo anachokera. Mwana wa mapointi 14 n'kutsala, mnzake wa 20 n'kupita, onse a nyumba zoyandikana ku Kaondo. Ine ndikumvetsa amene ankati pali maboma omwe atsamunda ndi mamishoni anawasiya m'mbuyo, ndipo n'zoona, kwathu ku Dedza kuli midzi yomwe sekondale inafika dzulodzulo. Koma mankhwala a sukulu zochepa ndi kumanga sukulu. Kulanga mwana chifukwa cha mudzi wa bambo ake, ayi, ine sindinavomerezepo. Mukhoza kunditsutsa, ndikudziwa m'gulu muno muli a maganizo onse awiri.

Tsono pakati pa zonsezi makalabu anali kuti? Analipo, ochuluka, ndipo ena anali amphamvu. SCOM ya ana opemphera, YCS ya Akatolika, makalabu a zachilengedwe amene ankatitengera ku Nature Sanctuary, Edzi Toto, dibeti, kwizi ya Top of the Class pa MBC yomwe sukulu yonse inkaunjikana pa wailesi imodzi. Ndiye panali mpikisano wa zisudzo wa ATEM, umene unasula akatswiri ngati malemu Du Chisiza Junior. Palibe angandiuze kuti zimenezi zinali zachabe. Koma palibenso chaka chomwe zinalowa m'masamu a kusankha.

Ndikunena ngati mboni. Ine ndine wa gulu lija la pulaimale yaulele, lomwe a Bakili Muluzi atachotsa fizi mu 1994 ana anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, tikuphunzira pansi pa mitengo. Sekondale ndinapita ku CDSS, zija zinali ma MCDE boma lisanazisinthe dzina cha m'ma 1998. Labu kunalibe. Physical Science tinkaiphunzira ngati nthano, aphunzitsi akujambula test tube pa bolodi. Koma pa za makalabu, aaa, munalibe mnzanga. Ndinali pulifekiti wa zaukhondo, mlembi wa Edzi Toto, wapampando wa dibeti, ndinkaimbanso kwaya. Matsatifiketi ndinali nawo asanu ndi awiri, ndinawaika mu pulasitiki ya shuga kuti asanyowe. MSCE ndinalemba mu 2007, ndinapeza mapointi 29. Nthawi imeneyo kunali mayeso ena olowera ku yunivesite, oyesa chiyankhulo, masamu ndi kaganizidwe. Ndinapita kukalemba, pulasitiki yanga ya shuga ili m'chikwama. Pakhomo anandifunsa chiphaso chokha. Mayina atatuluka mu nyuzi ndinayendetsa chala katatu, langa munalibe. Sindikuloza munthu chala, anzanga anandiposa basi. Koma masana ambiri amene ndinkaloweza mfundo za dibeti, mnzanga wina wachete, yemwe sanalowepo kalabu iliyonse, anali pansi pa mtengo wa mango ndi mapepala a mayeso akale. Lero ndi namwino.

Lero zinthu zasintha maonekedwe koma mtima wake ndi womwewo. Mayunivesite a boma achuluka: LUANAR inapatuka kuchoka ku University of Malawi n'kuyamba kuima payokha mu 2012, MUST inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 Polytechnic inasanduka MUBAS, makoleji a zaumoyo n'kukhala KUHeS. Mayeso olowera aja anatha. Kufunsira malo kumadzera ku bungwe la NCHE, lomwe lamulo lake linadutsa mu 2011: umalemba maphunziro amene ukufuna motsatana, ndipo amayang'ana magiredi ako pa maphunziro ofunika pa pulogalamuyo. Wofuna udokotala amuona Biology, Chemistry, Physics ndi masamu. Ukasankhidwa, za fizi umakagogoda ku bungwe la ngongole lomwe linayamba mu 2015. Mwana wa mchimwene wanga anadzaza fomuyo chaka chatha ine ndili pambali pake. Malo olembapo kuti unali ndi baji sindinawaone.

Nanga mawu akuti honour society aphunzitsi a mwana wanga awatenga kuti? Ku America. Kumeneko kuli National Honor Society, yomwe inakhazikitsidwa mu 1921 ndi bungwe la mahedimasitala a sekondale, nthambi yoyamba ili pa Fifth Avenue High School mu mzinda wa Pittsburgh, pomwe hedimasitala anali Edward Rynearson. Nayo ili ndi mizati inayi: kukhoza m'kalasi, kutumikira ena, utsogoleri ndi khalidwe. Nditawerenga ndinaseka ndekha, ndati eti nawonso ali ndi ngodya zinayi. Kuti ulowe umafunika magiredi osachepera 3.0 pa 4.0, sukulu zina zimakweza muyesowo, ndipo mamembala ake amaposa miliyoni imodzi.

Kumeneko n'zoona, mayunivesite ambiri sayang'ana magiredi okha. Amafuna ulembe nkhani ya moyo wako, aphunzitsi akulembere makalata okuchitira umboni, ndipo undandalike zomwe umachita kunja kwa kalasi. Anthu ambiri kuno amati imeneyo ndiyo njira yachilungamo, yoona munthu yense osati nambala. Inenso ndinkatero, pulasitiki yanga ya shuga ikundiwawa. Koma mbiri yake ili ndi fungo, ndipo muimve.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Harvard, Yale ndi Princeton zinkasankha kwambiri ndi mayeso, ngati ife. Kenako ana a Ayuda osauka, amene makolo awo anathawa ku Russia ndi ku Poland n'kukakhala m'tinyumba tothinana ku New York ndi ku Boston, anayamba kukhoza mayesowo moopsa. Pofika mu 1922, mwa ophunzira asanu alionse atsopano pa Harvard mmodzi kapena kuposerapo anali Myuda. Mkulu wa yunivesiteyo, A. Lawrence Lowell, anafuna kuika malire poyera, anthu n'kukwiya. Ndiye anapeza njira yozembera. Pofika mu 1926 anali atachepetsa chiwerengero cha olandiridwa n'kuyamba kufunsa za khalidwe, za utsogoleri, makalata a umboni, chithunzi cha wofunsira malo, ngakhale funso loti kodi bambo ako anasinthapo dzina. Anayambanso kunena kuti akufuna ana ochokera m'zigawo zonse za dzikolo, podziwa kuti kumadera akumidzi a kumadzulo ndi kumwera Ayuda anali ochepa. Chiwerengero cha Ayuda chinatsika. Zonsezi anazifukula m'makalata akale a mayunivesitewo ndi katswiri wina, Jerome Karabel, m'buku lake lotchedwa The Chosen la mu 2005.

Mwaiona kota yathu itavala suti? Gulu lina likakhoza kwambiri mayeso, amphamvu amasintha funso. Kwathu anafunsa boma lochokera, kwawo anafunsa khalidwe. Kusiyana kwake n'kwakuti yathu inalembedwa poyera, moti ana anayi anatha kupita nayo ku khoti n'kuwina. Ya khalidwe ndi yoterera ngati mlamba. Ukatsala sudziwa kuti watsalira chiyani. Mpaka posachedwapa, mu mlandu womwe khoti lalikulu kwambiri la America linagamula mu Juni 2023, odandaula ankati ana ochokera m'mabanja a ku Asia ankapatsidwa malikisi otsika pa gawo la umunthu ngakhale ankakhoza bwino m'kalasi.

Ndiye tangoganizani njira imeneyo itabwera kuno mawa. Kalata ya umboni alembe hedimasitala. Utsogoleri auyeze ndi maso. Inu ndi ine tikudziwa mmene zinthu zimayendera: mwana wa abwana akanakhala ndi makalata khumi, wina wochokera kwa abusa, wina kwa a phungu, ndipo baji ikanagulitsidwa ngati mandasi. Mwana wa ku CDSS ya ku Chinsapo, yemwe akaweruka amakatunga madzi, kuphika, n'kukathandiza amayi ake pa benchi mpaka mdima, akanalemba chiyani pa mzere wa kutumikira ena? Mayeso athu ali ndi matenda ake, sindikubisa. Mu 2020 MSCE inabedwa mpaka inathetsedwa pakati, ana n'kulembanso mu Januwale 2021. Komanso mwana wa ku sukulu yopanda labu kupikisana ndi wa ku Marist kapena ku Loyola ndi mpikisano wa njinga ndi galimoto. Komabe pepala la masamu silifunsa kuti amalume ako ndi ndani. Ine amene mayeso anandisiya panja ndikunena kuti bola mayeso.

Ngakhale ku America komweko, alangizi a ophunzira amanena zomwe munthu wanzeru angaganize yekha: ngati mamembala ali oposa miliyoni, ndipo pafupifupi aliyense wofunsira malo pa yunivesite yapamwamba ali membala, umembala wokha sukusiyanitsa ndi wina. Uli ngati kunena kuti tomato wanga ndi wofiira. Wa aliyense pa mzerewu ndi wofiira. Chimene amafuna kuona n'chakuti unachita chiyani uli m'gulumo.

Pamenepa pali Mmalawi mmodzi amene nkhani yake imayankha funso lonse. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anasiya sekondale nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002 chifukwa makolo ake analibe fizi. Analibe baji, analibe tayi, ngakhale sukulu yoti akhale pulifekiti wake analibe. Anali ndi kalaibulale ka pa pulaimale, buku la zamagetsi la Chingerezi chomwe sankachimva bwino, ndi zitsulo zotola kudzala. Ali ndi zaka 14 anapanga makina a mphepo ndi felemu ya njinga ndi mapaipi, n'kuyatsa babu m'nyumba ya makolo ake, anthu a m'mudzi akumuti wapenga. Nyuzi ya Daily Times inalemba za iye mu 2006, mu 2007 anakayankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha, kenako anakaphunzira ku African Leadership Academy ku Johannesburg, n'kumaliza digiri ku Dartmouth College ku America mu 2014. Mwina munaonera filimu yake ya mu 2019. Chitseko cha kunja chinamutsegukira chifukwa cha chinthu chooneka ndi maso, chozungulira pamwamba pa mitengo ya bulugamu. Komanso tisanamizane, a Kamkwamba ndi mmodzi. M'midzimu muli anyamata ambiri opanga mawailesi ndi timagetsi amene mtolankhani sanawapeze, ndipo pa fomu ya kuno luso lawolo silikanawachotsera pointi.

Ndiye ngati mwana wanu akulota za kunja, za masikolashipu ngati a Mastercard Foundation, kapena akufuna kukafunsa ku EducationUSA ku ofesi ya kazembe wa America, zoona, kumeneko adzafunsidwa za utsogoleri ndi zomwe wachitira anthu a kwawo. Koma adzafuna nkhani yomwe angaifotokoze mwatsatanetsatane: ndinaphunzitsa ana angati, kwa miyezi ingati, chinavuta n'chiyani. Ndipo asanafike pa funso limenelo adzakhala ataona kale magiredi.

Kodi ndikunong'oneza bondo chifukwa cha makalabu anga? Pang'ono, osati kwambiri. Dibeti ija ndi imene imandiimiritsa pamaso pa akuluakulu a khonsolo tikamakambirana za zinyalala ndi zimbudzi za mu msika, amuna atangoti kukamwa pululu. Ulembi wa Edzi Toto ndi umene unandiphunzitsa kusunga buku, moti banki m'khonde yathu yatha zaka zisanu ndi chimodzi popanda kusowa tambala. Kulemba kumene mukuwerengaku ndinakuyambira mu kalabu. Zinandipatsa pakamwa ndi dzanja. Koma wina akanandiuza ndili Fomu 3 kuti izi ndi zina, chitseko ndi china, ndikanagawa masana anga mwa mtundu wina, mwina 29 uja akanakhala 19. Palibe anandiuza, chifukwa kwathu ndinali woyamba kufika Fomu 4.

Lachitatu ndinatseka benchi msanga n'kupita ku sukulu kuja. Ndinafunsa aphunzitsi oyang'anira gululo mafunso awiri mwaulemu: gululi lizichita chiyani sabata iliyonse, ndipo ndi yunivesite iti ya m'Malawi muno imene imafunsa za ilo. Pa loyamba anati akukonzabe ndondomeko. Pa lachiwiri anayamba kundiuza za America. Ndinathokoza n'kutuluka.

Madzulo ake tinakhala pa mkeka ndi mtsikana wanga, nkhope itagwa. Ndinatulutsa pulasitiki ya shuga ija, ikadalipo m'sutikesi pansi pa bedi, n'kumupatsa kuti awerenge matsatifiketi onse asanu ndi awiri. Atamaliza ndinamupatsa la MSCE. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Koma amayi, anzanga onse avala baji, ine ndekha ndizioneka bwanji?" Funso limenelo linandilasa, chifukwa ndi la zoona, ndipo mbiri yonse ndakuuzaniyi siliyankha. Ali ndi zaka 16.

Tinagwirizana chonchi. K30,000 ija ndapereka kwa aphunzitsi ena opuma pa ntchito a kuno ku 36 amene amaphunzitsa Chemistry Loweruka m'mawa, chifukwa teremu yatha anapeza 6 ndipo akufuna unamwino. Dibeti apitirize, ndi yaulele, koma tsiku limodzi pa sabata. Lamulungu masana azisonkhanitsa ana a Sitandade 8 a pa mzere wathu wa nyumba n'kumawathandiza masamu pakhonde, azilemba m'kope mayina ndi masiku. Za baji ndamuuza kuti tomato akakwera mtengo mu Febuluwale tidzaonanso, ndipo iye wandiuza kuti adzandikumbutsa.

Lamulungu lapitali pakhonde panabwera ana anayi. Mmodzi anabwera ndi mng'ono wake kumbuyo, yemwe anadya choko.